Ng'ombe Imene Inakana Kuwoloka

Panali ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Sitima ndi Chikasu. Zinkasenza goli limodzi koma sizinkamvana pa nkhani ya chikwapu. Chikasu ankati ng'ombe yanzeru imayenda chikwapu chisanalire, pomwe Sitima ankati alipo malo ena osapondapo ngakhale akumenye chotani.

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, mwini wawo anapakira matumba a feteleza n'kulunjika pa mtsinje wamchenga umene ankawoloka masiku onse. Madzi anali olekeza mu akakolo, dzuwa likuswa mtengo. Koma kumapiri kunali bii, ndipo atangofika m'mbali mwa mtsinjewo, Sitima anamva nthaka ikunjenjemera pansi pa ziboda zake. Anaima nji.

"Achimwene, tiyeni," ananong'ona Chikasu. "Mwaiona nkhope ya munthuyu?"

"Ndikumva madzi. Akubwera ndi miyala."

"Madziwo sindikuwaona ine. Chikwapu ndiye ndikuchiona."

Chikwapu chinaliradi. Chikasu anakoka, goli linapendekeka, koma Sitima anazika ziboda m'dothi, kenako n'kugwada. Munthu uja anamupotokola mchira mpaka kuuluma ndi mano, monga amachitira a ngolo ng'ombe ikagona panjira. Analumbira kuti Loweruka akamugulitsa kwa opha nyama. Chikasu anachonderera kuti angowoloka mothamanga, tsidya si patali, kusiyana n'kufera pamenepo.

"Mpeni wa Lowerukawo ndikuuopa," anatero Sitima, magazi akuchucha m'diso limene chikwapu chinang'amba. "Koma madziwa ndi a lero."

Asanatseke pakamwa, kunamveka mkokomo kumtunda. Madzi ofiira anatulukira pokhota mtsinje, atanyamula mitengo ndi mizu yomwe, mbuzi yakufa ikugubuduzika pamwamba. Pamalo pamene ngolo ikanakhala, panadutsa chimwala chachikulu ngati nkhokwe. Munthu uja anangokhala pansi m'matope.

Onse atatu anapulumuka, ndipo za opha nyama sizinatchulidwenso. Koma diso la Sitima silinaonenso. Mpaka kukalamba kwake, mwini wakeyo akamudzera mbali yakhunguyo, ngakhale atanyamula madeya ndi mchere, Sitima ankadzidzimuka n'kubisa mutu.

Phunziro: Si onse okana amene ali ouma mutu, wina amakana chifukwa wamva chimene iwe sunamve. Usanakweze dzanja, yamba wafunsa chimene chamuimitsa. Ine ndinazidziwa mochedwa, abale anga, pakuti dzanja limene linagwira chikwapu tsiku limenelo linali langa.