Mwana Wobwereka

Fanizo ili ndinalimva kwa Mayi Esinala Kachingwe, amene anaphunzitsa kusekondale mpaka imvi kudzaza mutu, ndipo tsopano timakhala nawo m'komiti ya makolo. Analinena pamsonkhano wa komitiyo, tsiku limene tinkakambirana zopempha kuti sukulu yathu isankhidwe kukhala sukulu ya zaulimi. Ine ndinali nditangotsegula msonkhano ndi pemphero. Wapampando wathu, Bambo Dzimbiri, anati popeza alendo odzayendera adzafuna kuona ziweto, tibwereke ng'ombe za mlamu wawo zidzakhale pasukulu mpaka alendowo atapita. Ambiri tinavomera. Mayi Kachingwe anagoneka ndodo yawo patebulo n'kuimirira popanda kupempha mwayi wolankhula. Sindinawaonepo atakwiya chotere. Ndalemba monga ananenera. Ngati ndasiyako mawu, Ambuye andikhululukire, koma anga sindinaikepo.

Anati:

Panali munthu wina, mphunzitsi wamkulu pasukulu ya sekondale yoyendera. Sukuluyo inali yosauka monga zilili zathuzi. Denga linkadontha, buku limodzi ankaligwirira ana ambiri.

Chaka china kunamveka kuti bungwe lina likufuna kusankha masukulu ochepa n'kuwapatsa ntchito yapadera. Ina ikhale ya sayansi, ina ya zaulimi, ina ya ana a vuto la kumva. Sukulu yosankhidwa inkalandira dzina latsopano ndi thandizo la chaka ndi chaka. Koma inkayenera kupempha kaye, kufotokoza zimene ikuchita kale, makolo kuonetsa dzanja lawo pa ntchitoyo, kenako alendo kubwera kudzaona ndi maso.

Mphunzitsi wamkuluyo sanadzifunse kuti ana a dera lake akusowa chiyani. Anadzifunsa kuti khomo lopanda mzere ndi liti. Za sayansi aliyense ankazithamangira. Zaulimi chimodzimodzi. Za ana osamva panalibe wozifuna. Ndiye iye anapempha zimenezo. Anawauza a bungwe kuti ana otere pasukulu pake alipo kale, ndipo akuvutika nawo yekha popanda womuthandiza.

Panalibe ngakhale mmodzi.

Atamva kuti alendo ayandikira, anakwera njinga n'kuyamba kuzungulira midzi. Anafika pakhomo pa mayi wina, Nangozo, amene anali ndi mwana wamkazi dzina lake Mwandida. Mwanayo anasiya kumva ali wamng'ono, atadwala malungo aakulu. Pulayimale anaimaliza poyang'ana milomo ya aphunzitsi ndi kukopera za pabolodi, ndipo mayeso anakhoza. Koma sekondale yolandira ana onga iye inali kutali, kumene mayi ake sakanatha kumufikitsa. Anangokhala pakhomo kumapala chinangwa.

Mphunzitsi wamkulu anakhala pampando umene anamupatsa, n'kunena kuti, "Mayi, ndabwera kudzabwereka mwana."

Apa mumvetsetse bwino. Kumudzi kumeneko mawu amenewa ndi aakulu. Malume kapena azakhali akafuna kutenga mwana kuti akamulere ndi kumuphunzitsa, sanena kuti ndipatseni mwana, chifukwa mwana si nkhuku yoti n'kupatsana. Amati ndibwerekeni. Ndi ulemu chabe, kuti womubereka asamve ngati walandidwa. Aliyense amadziwa kuti mwana wobwerekedwa chotere amabwerako atakula, ali ndi chochita m'manja. Nangozo anamva kubwereka kumeneko. Mphunzitsi wamkulu ankanena kubwereka kwa khasu.

Musaganize kuti sankadziwa. Anabadwira m'dera lomwelo, tsidya la dambo. Anaona mayiyo akugwada, anaona mmene mawu aja awamvera, koma sanamuwongolere.

"Ahedi, mwandipukuta misozi," anatero Nangozo. "Mtengeni. Ndi wanu."

Nangozo anasoketsa yunifolomu kwa telala. Atamva kuti makolo ayenera kuumba njerwa kuti alendo adzaone dzanja lawo, anapita kukaponda dothi pamodzi ndi anzake, msana ukumuwawa, akuimba.

Kusukulu, mphunzitsi wamkulu anamukhazika Mwandida kutsogolo, pamodzi ndi ana ena otoledwa m'midzi ina. Aphunzitsi anali ataphunzitsidwa moni wa chinenero chamanja cha anthu osamva, moni wokha. Alendo atabwera, mphunzitsi wamkulu analankhula za chifundo mpaka mawu kunjenjemera. Anaitana Mwandida kuti awonkhetse samu pabolodi. Mwanayo anakhoza. Atatembenuka anaona manja ambiri akuwomba, ndipo anaseka, kuseka kwa munthu amene wafika kumene ankafuna. Mmodzi wa alendo anamujambula akuseka choncho.

Fumbi la galimoto ya alendo lisanathe bwino mumsewu, mphunzitsi wamkulu anamukweza mwanayo pakaliyala n'kukamutsitsa pakhomo pa mayi ake.

"Mayi, ndabweza. Zikomo kwambiri, watithandiza zedi."

"Mwabweza? Walakwa chiyani, Ahedi?"

"Sanalakwe. Paja ndinati ndikubwereka. Thandizo likabwera tidzamuitana."

Anasiya sopo pakhonde, monga amachitira munthu wobweza khasu atamaliza kulimira, n'kupalasa njinga yake.

Mwandida anachapa yunifolomu ija, anaisita, anaipachika pamsomali. M'mawa uliwonse ankasuzumira kumsewu.

Sukulu ija inasankhidwa. Thandizo linabwera. Anamanga mpanda kuzungulira sukulu yonse. Ofesi anaiika simenti yonyezimira. Mphunzitsi wamkulu anasiya njinga yakapalasa n'kuyamba kuyenda pa yamoto. Mphunzitsi wa chinenero chamanja sanafunidwe. Nangozo atapita kukafunsa, anauzidwa kuti adikire, akukonza kaye malo. Atapitanso, mlonda anamubweza pageti. Mpanda umene unamutsekera kunjawo unali wa njerwa zimene iye anaumba.

Pafupi ndi getilo anazika chikwangwani chachikulu cha dzina latsopano la sukulu. Pachikwangwanipo panali nkhope ya Mwandida, akuseka.

Mwanayo anachiona tsiku lina akuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu. Anaima. Ana a sukulu amene ankaweruka anayamba kuloza chikwangwani, kuloza iye, kulozanso chikwangwani. Sanamve zimene ankanena, koma mano anawaona. Atafika kunyumba anachotsa yunifolomu pamsomali n'kuiika pansi penipeni pa dengu. Kenako anauza mayi ake ndi manja, m'chinenero chawo cha awiri chimene anachipanga okha, kuti: nkhope yanga ikuphunzira, ine ndili pano.

Inakwana nthawi yoti alendo aja abwerenso kudzaona ntchito imene thandizo lawo lagwira. Mphunzitsi wamkulu anakumbukira kuti benchi yakutsogolo ilibe anthu. Anafika pakhomo pa Nangozo pa njinga yake yamoto. Sanatsike n'komwe.

"Mayi, ndabweranso kudzabwereka."

Nangozo anati, "Pitani. Tibwera."

Anabweradi. Anafika kwaya ya sukulu ikuimba, alendo atakhala pamipando pansi pa mtengo. Mwandida sanavale yunifolomu. Nangozo anali ndi khasu paphewa. Sanapereke moni kwa aliyense. Analunjika pachikwangwani n'kuyamba kukumba patsinde pa mtengo wake woyamba.

Kwaya inasokonezeka, kenako inaleka. Kunangomveka khasu.

Mphunzitsi wamkulu anathamangira pomwepo, tayi ikuuluka. "Mayi, mwapenga kodi? Pamaso pa alendo! Mukuchita chiyani?"

"Ndikutenga zanga," anatero Nangozo, osasiya kukumba. "Munabweza mwana, nkhope munatsala nayo. Munati n'kubwereka kwa khasu. Chabwino. Amene wabwereka khasu sabweza mpini wokha."

Mayi wina mwa alendowo anayandikira n'kufunsa chimene chachitika. Nangozo anafotokoza zonse, mawu ochepa, khasu lili m'manja. Mphunzitsi wamkulu analowerera msanga. Anati panangokhala kusamvana pang'ono, malo a mwanayo alipo, akhoza kuyamba mawa lomwe.

"Ayambe chiyani?" anafunsa Nangozo. "Aphunzitsi anu ndi awa aimawa. Mmodzi yekha abwere amufunse mwanayu dzina lake."

Aphunzitsi anayang'anana. Wina anakweza dzanja n'kupereka moni uja anaphunzitsidwa. Mwandida anayankha, n'kudikira. Panalibe china chotsatira. Dzanja la mphunzitsiyo linatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'thumba.

Chikwangwani chinagwa. Mayi anagwira uku, mwana anagwira uko, n'kumapita nacho. Palibe anawaletsa, ngakhale mlonda.

Mukufuna ndikuuzeni kuti zinatha bwino? Sizinathe bwino. A bungwe anachotsa dzina lija pamodzi ndi thandizo lake. Sanapereke kwa sukulu yoyandikana nayo. Anati dera limenelo layesedwa ndipo lalephera, n'kupita nazo kutali. Mphunzitsi wamkulu anamusamutsira kusukulu ina, ndipo anapita pa njinga yake yamoto. Mpanda ulipobe, wokongola. Ana aja anatoledwa m'midzi anakhala chikhalire m'midzi mwawo. Mwandida sanapondenso m'kalasi. Chikwangwani chili m'nyumba mwa Nangozo, nkhope itayang'ana kukhoma. Kuseri kwake Mwandida amalembapo ndi makala zimene akufuna kuuza anthu obwera pakhomo. Sekondale yonse imene anaipeza ndi imeneyo.

Mayi Kachingwe atafika apa anapuma. Ine mumtima ndinkapempherera mwanayo, ngakhale sindinadziwe ngati alipodi kapena ndi wa m'fanizo chabe. Bambo Dzimbiri anayesa kuseka pang'ono, n'kunena kuti, "Koma Mayi, inunso. Ng'ombe si mwana. Ng'ombe sizidzalira tikazibweza."

Mayi Kachingwe anatola ndodo yawo.

"Zoona, Bambo Dzimbiri, sizidzalira. Zidzabwerera kukhola kwa mlamu wanu zitanenepa ndi udzu wa pabwalo lathu la mpira. Koma dzina la zaulimi m'dera lino ndi limodzi. Tikalitenga ife ndi ng'ombe zobwereka, talilanda kwa sukulu ina kumene ana akukama kale mkaka ndi manja awo. Ndipo ana athu adzalowa pageti lolembedwa zaulimi n'kutuluka osadziwa kumene bere la ng'ombe limagwiridwa. Mwana wobwereka adzakhalapo ndithu. Adzakhala wanu, adzakhala mdzukulu wanga. Adzaima pambali pa ng'ombe ya eni ake n'kuseka kuti amujambule.

"Mukufuna kupempha, pemphani, ndipo ine ndidzakuthandizani kulemba. Koma pemphani ndi zimene muli nazo. Kuseri uku kuli kadimba kamene ana amathirira ndi zidebe zobooka. Alendo akaone kameneko. Aone denga lodonthali. Muwauze chimene tikufuna kuchita ndi chimene sitingathe tokha. Akakana, akhale atakana ife. Zimenezo ndingazipirire. Chimene sindingapirire ndi kuti avomere bodza, ife n'kuwomba m'manja, wina n'kutseka msonkhano ndi pemphero lothokoza.

"Ndakalamba, miyendo yatha. Koma ndikukuuzani nonse muli pano, nanu a Dzimbiri mumve. Ng'ombe zimenezo zikadzangolowa pageti ili, khasu kwathu lilipo."