Mlongoti pa Chilumba cha Mbalame

Kuseri kwa shopu yake yokonzera mafiriji, bambo wina anali ndi kachipinda kamene ngakhale tsache la mkazi wake silinkaloledwa kulowamo. Munali mawailesi, osati omvera nyimbo ayi, koma olankhulirana ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Pabwalo anaimika chitsulo cha mawaya chotalika kuposa mitengo yonse ya mumsewuwo, mpaka anansi anamupatsa dzina loti Mlongoti. Iye analilandira ngati ulemu.

Anthu a mawailesi amenewa, kulikonse ali, amadwala nthenda imodzi: kufuna kulankhula ndi malo amene sanamvekepo. Pakati pa nyanja panali chilumba china chamiyala yokhayokha, eni ake mbalame. Gulu la anthu a mayiko osiyanasiyana linapangana zopitako kuti dziko lonse limve mawu ochokera kumeneko. Wina analonjeza jenereta, wina matenti, wina chombo. Mtsogoleri wawo anali mayi wina, dokotala wa mano, amene Mlongoti ankacheza naye pawailesi kwa zaka osaonana nkhope. Mayiyu anamuitana kuti akasamale firiji ya chakudya, kwinaku akusinthana ndi anzake pawailesi.

Mlongoti anatupa ngati chule. Iye, mwini chitsulo chachitali chija, akalondere nyama ya anthu? Anatenga chilolezo chakechake choulutsira mawu pachilumbacho mwakachetechete, nagwirizana ndi mwini boti la asodzi kuti akafike pachilumbapo gululo lisananyamuke. Mkazi wake anamufunsa amene akamugwirire zingwe poimika chitsulo cha mawaya kumeneko.

“Mayi, dzina likamveka limamveka la munthu mmodzi,” anayankha akumanga katundu.

Mwini boti anamutsitsa pamiyalapo, nalonjeza kubwera nyanja ikadekha. Apa m’pamene Mlongoti anadziwira kuti chitsulo cha mawaya chimaima ndi zingwe zokokedwa mbali zonse nthawi imodzi. Akamanga chakum’mawa, mphepo inkagwetsera chitsulocho kum’mawa komweko. Akathamangira chakumadzulo, chija chamasuka. Mbalame zinkamuonerera, zina n’kumamudalitsa pamutu. Atatopa anangopachika waya pamwala, nayatsa jenereta, natchula dzina la chilumbacho ndi mawu a munthu wolandira mendulo.

Dziko linamuyankha, koma osati mmene ankalotera. Aliyense ankadziwa kuti gulu lija likadali padoko, choncho onse anati ameneyu ndi wabodza wina amene akulankhula ali pabedi kwawo. Anamutukwana m’zinenero zimene sankazimva, komabe kutukwana sikufuna womasulira. Nkhalamba ina yakutali inamulangiza mwaulemu kuti azimitse wailesi akathandize mkazi wake kutsuka mbale. Akamalumbira kuti alidi pachilumba, m’pamene ankamusekera kwambiri.

Nyanja sinadekhe. Chakudya chinawola ndi dzuwa pamaso pa katswiri wa mafiriji. Madzi akumwa anatsala pansi pa chigubu, mafuta a jenereta nawo anayamba kutha. Tsopano anasiya kudzitama n’kuyamba kupempha thandizo, koma anthu anati wabodza uja wangosintha nyimbo.

Kunyumba mkazi wake anadikira mpaka mtima unakana. Analowa m’kachipinda koletsedwa kaja, nayatsa wailesi mmene ankaonera pazenera, n’kumva anthu akuseka mwamuna wake. Anagwira cholankhulira ngati akugwira mpini.

“Pepani nonse kumeneko. Wabodza mukumutukwanayo ndi mwamuna wanga. Kunama amanama ndithu, koma lero lokha akunena zoona. Akufa ndi ludzu.”

Mawuwo anagwidwa ndi mphunzitsi wina wa dziko loyandikana, amene anawapatsira mlimi wa kutsidya, mlimiyo n’kuwamasulira kwa woyendetsa sitima ya panyanja, mpaka anafika kwa dokotala wa mano uja chombo chawo chili kale panyanja. Nkhalamba ya mbale ija inakhala pawailesi osadzuka, kuchotsa ena panjira kuti uthenga udutse.

Gululo linamupeza atabisala kumthunzi wa mwala, milomo itang’ambika, ndevu zili mbuu. Palibe anamufunsa kanthu. Anamumwetsa madzi pang’onopang’ono, namudyetsa, dokotalayo akumuyang’ana m’kamwa mwa chizolowezi cha ntchito yake. Atapezako mphamvu anamupatsa chingwe chimodzi. Wina anawerengera m’chinenero chake, onse anakoka pamodzi, ndipo chitsulo chimene chinamuvuta masiku onse aja chinaima madzi a tiyi asanawire.

Mlongoti anaima pomwepo, chingwe chili m’manja, maso pansi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati angakhaleko pawailesi.

“Mukhalapo, achimwene, nthawi yanu ikakwana,” anatero dokotala. “Koma firiji ikuchita phokoso lachilendo. Tayambani mwaiona.”

Anaikonza, ndipo anaikonza bwino. Nthawi yake itafika, dokotala analengeza kuti uyu ndi mmodzi wa gulu. Anthu omwe aja ankamutukwana anayamba kupanikizana kuti awayankhe, mawu mazanamazana ngati njuchi pamng’oma. Liwu lake linali lomwe lija, chilumba chomwe chija. Chosintha n’chakuti tsopano anali ndi omuchitira umboni. Akuluakulu sananame: chala chimodzi sichiswa nsabwe.