Mkondo Wautali wa Thumbiko

M'chipinda china ku Satwa, mumzinda wina wa kudziko la Aluya, mogona amuna asanu ndi mmodzi pa mabedi osanjikiza, munkakhala Thumbiko Jere, Mngoni wa ku Mzimba, mkulu wosauma pakamwa. Viza yake ya alendo inali itatsala ndi mwezi umodzi. Akapanda kupeza ntchito, kwake kunali kukwera ndege chimanjamanja.

Mwayi unadzera kwa mlongo wake Florah, wolera ana ku Al Mankhool, dera lina la mzinda womwewo. Abwana ake ankakonza chionetsero cha nkhondo zamakedzana, choti alendo azikaonera kuchipululu. Pa amuna makumi anayi oyesedwa, makumi awiri okha ndiwo akanalembedwa ntchito ya zaka ziwiri, ndi viza yomwe.

"Achimwene, ndakupemphererani malo," anatero Florah pa foni. "Zoyeserera zikuyamba Lolemba, basi imanyamuka faifi m'mawa."

"Achemwali, Mngoni akaphunzire kugwira mkondo? Ingoma ndinayamba kuvina ndisanamere mano. Ndidzapita tsiku losankha."

Masabata atatu anatha mkuluyu ali gone, fani ikumupepesa. Boniface wa ku Chipata, wa bedi lam'mwamba, ankabwera madzulo kuchokera ku zoyeserera zija mapewa atasupuka.

"Mudala, mikondo ya kuja si ya kwanu," ankamuuza. "Ni itali monga nsungwi. Tiye mailo kukangocha, yalla, osachedwa."

"Inshallah," ankayankha Thumbiko, inshallah uja wa munthu amene alibe nazo ntchito.

Tsiku losankha anafika chifuwa chili patsogolo. Anamupatsa mkondo wotalika ngati anthu atatu, woti manja onse awiri agwire. Asilikali a m'chionetserochi sankamenya nkhondo aliyense payekha ngati mmene iye ankadziwira. Ankaima m'mizere, phewa ndi phewa. Ng'oma ikalira kamodzi, mizere yakutsogolo inkatsitsa mikondo. Ikalira kawiri, onse ankaponya phazi lamanzere, mokwekwereza, kuti lisamire mumchenga.

Ng'oma inalira. Thupi la Thumbiko linachita zimene linazolowera: anakweza bondo n'kuponda pansi mwamphamvu, chingoni chenicheni. Phazi linalowa mpaka m'kakolo. Mkondo unapendekera kumbali, unakolana ndi ya anzake, unagwetsa chisoti cha wakutsogolo, ndipo mzere wonse unagona ngati chimanga cha mphepo.

Mphunzitsi wawo, mayi wa ku Lebanon wosakonda zolankhulalankhula, anamupatsa mpata wachiwiri. Ulendo uno Thumbiko anameza matama, maso ali pa mapazi a Boniface. Koma anzake akamatsitsa iye anali akukweza, akamaima iye anali asanafike. Mphamvu anali nazo kuposa onse, chimene analibe ndi masabata atatu aja.

"Khalas, habibi, basi zakwana," anatero mayiyo, akumulanda mkondo.

Dzina la Boniface linatuluka pa osankhidwa, la Thumbiko ayi. Anapempha sabata imodzi yokha, koma gulu silikanabwerera m'mbuyo chifukwa cha munthu mmodzi.

Florah anapempha chilolezo cha theka la tsiku kuti akamuperekeze ku bwalo la ndege. Manyazi anali atamugwira mayiyu, poti ndiye anamuchitira umboni kwa abwana ake, komanso chisoni, poti magazi ndi magazi.

"Komatu achemwali, mkondo ndimaudziwa," anatero Thumbiko chapansipansi, chikwama chili m'manja.

"Palibe anakutsutsani, achimwene. Basi ija ndi imene simunakwere."

Thumbiko anaweramitsa mutu n'kulowa pa mzere wa okwera ndege. Akuluakulu sananame ayi: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.