Lole ya a Namaona

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwala, pakuti ena amene anaona izi akadathyolabe tiyi, ku Thyolo kunali dalaivala wina, bambo Namaona. Anagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi zaka makumi atatu akuyendetsa lole imodzi yomweyo. Ankanyamula tiyi kupita naye kudoko la Durban, ndipo pobwerera loleyo inkayenda yopanda katundu. Inali nkhalamba ya lole, yofuka utsi woti ikamadutsa pamsika amayi ankavundikira mandasi awo.

Malo opanda katunduwo a Namaona anawapezera ntchito. Mmalawi akamwalira ku Joni abale n'kusowa pogwira, iwo ankanyamula bokosilo kwaulere. Koma anali ndi kachitidwe kawo. Ankati womwalira sadziwa njira, ndiye ukamunyamula uzimuuza pamene mwafika. Pamlatho uliwonse ndi paboda paliponse ankatsitsa galasi n'kunena kuti, "Pano ndi pa Tete, achimwene, tikuwoloka Zambezi. Musatsale." Anzawo ankawaseka, koma onse amene ananyamulidwa ndi lole imeneyo anagona kwawo mwamtendere.

A Namaona anali ndi ana atatu: Gidiyoni, Yotamu ndi chitsiriza Elufe. Elufeyu anaphunzira galimoto pa chiwongolero cha bambo ake, ndipo atakula ankayendetsa thirakitala yotuta masamba a tiyi pa esitetipo. Mwa atatuwo ndiye ankawakonda bambowo mosabisa.

Chaka china ogula tiyi a kutsidya kwa nyanja analemba kalata. Anati dziko likutentha, mvula yasokonekera, ndipo utsi wa magalimoto uli m'gulu la zoyambitsa. Apa sankanama, chifukwa anthu a ku Thyolo anali ataona kale madzi akutsika m'phiri ndi miyala n'kukokolola nyumba. Chondiwawa ine n'choti olemba kalatawo kwawo n'kumene utsiwo unayambira kufuka. Koma ndiwo anali ogula, ndipo ananena mosapsatira kuti tiyi akapitiriza kuyenda pa malole ofuka, obwerera opanda katundu, iwo akagula kwina.

Gidiyoni, woyamba kubadwa, ankagwira ntchito mu ofesi yoona za kayendedwe ka katundu. Anavutika nayo nkhaniyi miyezi itatu mpaka anapeza njira. Tiyi azikwera sitima ku Limbe mpaka kudoko la Nacala, ndipo mabogi omwewo pobwerera azinyamula feteleza. Malole akale onse aimikidwe, adzadulidwe zitsulo nthumwi za ogula zikuonerera, ndipo ikangoyenda imodzi pangano lonse latha. Ogula anavomera, ndipo anthu mazana asanu ndi awiri othyola tiyi ntchito yawo inapulumuka. Makiyi a lole ya bambo ake anakawalandira yekha Gidiyoni, akuyang'ana pansi.

Akuluakulu a esiteti anawatumiza a Namaona ku Nacala kuti azikayang'anira popakira tiyi m'sitima zapamadzi. Anakhalako miyezi inayi yokha. Chifuwa chimene ankakhosomola zaka zonsezi chinawagwetsa, ndipo anamwalira kudziko la eni.

Uthenga utafika, Elufe anathamangira ku ofesi. "Achimwene, ndipatseni makiyi ndikawatenge ababa."

"Ukudziwa kuti sindingathe, chemwali," anatero Gidiyoni. "Loleyo ikatuluka pageti, mawa ndikawauza chiyani anthu onsewa?"

Yotamu, wachiwiri, ankagwira ntchito m'sitima zomwezo za katundu. Atafika ku Nacala anapeza a chipatala akukonza zoika maliro konko, chifukwa kunali kotentha ndipo malo osungira mitembo anali atadzaza. Anayenda ofesi ndi ofesi masiku awiri osadya mpaka anapeza zikalata zonse. Bokosi linakwezedwa m'bogi pamwamba pa matumba a feteleza, a kasitomu n'kutseka chitseko ndi chidindo chawo. Mmenemo munthu wamoyo saloledwa, choncho Yotamu anakhala kutsogolo ndi oyendetsa sitima. Pamlatho woyamba anatsegula pakamwa kuti awauze bambo ake, koma ataona anzake akumuyang'ana anachita manyazi. Anati akalankhula pamlatho wotsatira. Anadutsa Nampula, anadutsa Cuamba, analowa pa Nayuchi, anawoloka Shire pa Liwonde ali duu. Thupi linafika kumudzi bwinobwino, ndipo pakadapanda Yotamu abale sakadaliona n'komwe.

Tsiku loika maliro adzukulu atanyamula bokosi anayang'anana. Nkhope anthu anali ataiona, anali a Namaona ndithu, koma bokosilo linkapepuka ngati dengu lopanda tiyi. Komabe mwambo unatha monga mwa nthawi zonse.

Patapita sabata kunagwa chiperoni. Elufe anali pathirakitala pakati pa munda, masana, nkhungu itaphimba mizere yonse ya tiyi. Atazimitsa injini anamva chifuwa chija kumbuyo kwake, kenako mawu a bambo ake, ofatsa ngati a munthu wosafuna kuvutitsa: "Tafika pati?" Anacheuka, koma kunali matumba a masamba okhaokha. Mawa lake anamvanso, mkuja wake chimodzimodzi. Chimene chinkamuswa mtima n'choti mawuwo sankakalipa. Munthu amene anafikitsa anthu ambirimbiri kwawo ankangofunsa njira, mwaulemu, tsiku ndi tsiku.

Elufe anamupanikiza Yotamu mpaka anaulula. "Sindinawauze, chemwali. Ngakhale pamlatho umodzi." Analira ngati mwana, koma kulirako sikunabweze munthu.

Elufe sanakhale manja lende. Anapempha tchuthi, n'kupita ku Nacala. Anaima pageti la doko n'kunena kuti, "Ababa, ndine Elufe, tiyeni kwathu." Anabwerera pa basi kudzera ku Mocuba ndi ku Milange, akutchula mlatho uliwonse mokweza, okwera anzake akumusunthira kutali. Atawoloka mlatho wa paboda pa Muloza mtima unakhala pansi. Koma atangofika pakhomo n'kutula chikwama, mawu aja anafunsanso. Ulendo wachiwiri anatsata njanji, pena pa sitima pena pa matola, akuitana pa siteshoni iliyonse. Sizinathandize. Ndipo zikanathandiza bwanji? A Namaona moyo wawo wonse sanakwerepo galimoto yoyendetsa wina mwa kufuna kwawo.

Tsiku lina m'mawa anadutsa kuseri kwa fakitale kumene malole akale anaimikidwa. Onse anali atanyowa ndi mame, udzu utamera m'matayala. Ya bambo ake yokha inali youma. Anaika dzanja pa boneti ndipo inali yofunda, pamene loleyo inali itatha miyezi isanu ndi iwiri osalira. Apo anadziwa kuti bambo ake akudikira galimoto imodzi yokha. Inafunika kupita ku Nacala yopanda katundu, kubwereranso yopanda katundu, galasi lili lotsitsa.

Nthumwi za ogula zinali zoti zifika Lachisanu kudzaonerera malole akudulidwa. Lachinayi m'mawa atatuwo anakumana pafupi ndi lole ija. Elufe anali atawonda, maso atalowa m'kati.

"Mawa akaidula, ababa sadzafikanso," anatero. "Azidzangofunsa mpaka ine ndidzafe. Ndikadzafa adzafunsa ndani?"

"Mulekeni apite, achimwene," anatero Yotamu. "Ndinalakwa ndine. Ndikwera nawo, ndikalankhula ndine."

Gidiyoni anayang'ana kumunsi. Pamsewu wa kumunsi othyola tiyi ankadutsa mumzere, madengu kumsana, ena ali ndi makanda pachifuwa. Ambiri mwa iwo anagona nawo pamaliro a bambo Namaona, ndipo ena abale awo anabwera kuchokera ku Joni pa lole yomweyo. Othyola tiyiwo anakweza manja kupereka moni, osadziwa chimene chinkakambidwa.

"Ine mawuwo sindinawamvepo," anatero Gidiyoni. "Mwina sandifuna, poti ndine ndinawalanda makiyi. Koma awo akudutsawo ndikuwaona ndi maso. Ikatuluka lole iyi, ogula apita, ndipo mwezi wamawa ana awo agona ndi njala. Utsi umenewu unawapha ababa, ndipo ndi womwewo ukugumula phiri. Ndinalakwa pati?"

Iye anapisa m'thumba, n'kuika makiyi pa sitepe ya lole. "Sindikukupatsa, komanso sindikukuletsa," anatero, ndipo anabwerera ku ofesi osacheuka.

Elufe anatola makiyiwo n'kukwera. Mpando unali wofunda. Anagwira chiwongolero, maso ali pa anthu aja amene anali atayamba kulowa m'mizere ya tiyi. Geti linali lotsegula.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pamenepa, ndipo sindikuuzani chimene anachita. Gidiyoni anapulumutsa amoyo, Yotamu anabweretsa thupi, Elufe yekha ndiye akumva munthu amene anatsala panjira. Tsono inu mukanakhala pampando umenewo, mukanaliza loleyo anthu mazana asanu ndi awiri n'kutaya ntchito, kapena mukanatsika n'kuwasiya bambo anu akufunsabe njira?