Chilole cha Chiukepo pa Ukwati wa Mlamu Wake

Pansi pa mtengo wa mango kwa Chiukepo, makaniko wa ku Ngala, padaima chilole chakale cha asilikali chomwe adachigula chili chakufa. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Koma mwini wake adali atalonjeza mlamu wake Dyness kuti pa tsiku la ukwati, chilolecho chidzamunyamula pamodzi ndi abale onse kupita kutchalitchi ku Nkhunga.

"Alamu, chikhola cha nkhuku chimenechi?" Dyness adafunsa akuseka.

"Udzakwera ngati mkazi wa kaputeni," adatero Chiukepo akudziguguda pachifuwa.

Chidapha injiniyo ndi hedi, chivundikiro chake chapamwamba, yomwe idang'aluka. Chiukepo adapeza hedi ina kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Dwangwa, yochotsedwa pa lole inanso ya asilikali. Adagulanso gasiketi, ija imakhala pakati pa hedi ndi buloko, thunthu la injini, kuti madzi ndi mpweya ziyende njira zake. Adaisankha ndi maso, poona kuti yafanana ndi yakale. Mabawuti onse adalowa ngati adabadwira pomwepo.

"Bambo a Wezi, bwanji osawaitana a Rajabu adzaoneko?" adatero mkazi wake Phoebe. "Paja iwo adakalambira pa malole amenewa ku usilikali."

Apa Phoebe adaponda pachilonda. Rajabu ankamudya Chiukepo pa bawo mosalekeza, ndipo akapambana ankaimba nyimbo kuti gombe lonse limve. Kukapempha nzeru kwa munthu ameneyo? Bola kumeza sipanala!

"Iwo adziwa bawo, ine ndidziwa injini," adayankha. Adailiza injiniyo, idabangula, nkhuku zidabalalika. Isadatenthe n'komwe adaithimitsa, nati zatheka.

Tsiku la ukwati chilole chidadzaza: a kwaya, azakhali, madengu a mpunga, ndi Rajabu yemwe atavala mkanjo wake woyera. Mkwatibwi adakhala kutsogolo. Adanyamuka ndi nthungululu, Chiukepo akuimba hutala ngakhale kwa mbuzi. Koma atalowa m'minda ya nzimbe, injini idayamba kukhosomola, nthunzi idafuka, chilole chidaima. Nyimbo idathera pakamwa.

Rajabu adatsika mosafulumira, nasuzumira chizindikiro cha pa hedi ndi m'mphepete mwa gasiketi.

"Ada Chiukepo, malole amenewa ali mitundu iwiri, ngakhale nkhope ndi imodzi. Hedi iyi ndi ya mtundu wachiwiri, madzi ake amadzera m'mabowo awiri akumbuyo. Gasiketi yanuyi yawatseka. Injini yapsa ndi ludzu madzi ali pomwepo."

"Nanga osanena bwanji?" Chiukepo adafunsa, thukuta lili kamukamu.

"Adandifunsa ndani? Gasiketi yoyenera ili kwanga pamsomali, akangaude akumangapo nyumba."

Manyazi adamugwira Chiukepo, makamaka poona Dyness akuyang'ana dzuwa, uku abusa ndi mkwati akudikira ku Nkhunga. Mwayi wake, padatulukira thirakitala yonyamula nzimbe ikubwerera yopanda katundu. Ukwati wonse udasamukira m'ngolo yake. Mkwatibwi adakwezedwa ndi azakhali, diresi loyera litachita mawangamawanga ndi mwaye wa nzimbe zootcha.

"Alamu!" adakuwa Dyness ali pamwamba, misozi ya kuseka ili m'maso. "Akazi a makaputeni amakwera chonchi?"

Adakafika mochedwa, koma ukwati udamangidwa. Chiukepo adatsala pamsewu kulondera chilole chake, akutafuna nzimbe pomwe anzake ankadya mpunga wa nyama.

M'mawa mwake adapita yekha kwa Rajabu, chipewa chili m'manja. Gasiketi adampatsa ulere, koma malipiro adalipo: nyimbo yatsopano ya pa bawo yomuseka iye ndi chilole chake, yomwe lero ngakhale asodzi amaimba pokoka khoka. Chilole chikuyenda bwino tsopano, ndipo pachitseko chakumbuyo Phoebe adalembetsapo ndi penti yofiira mawu a akuluakulu aja, kuti aliyense wobwera m'mbuyo awerenge: Safunsa adadya phula.