Bwana Amene Anatuma Mng'ono Wake Kukamupumira Mpweya

Kunali bwana wina m'tauni ina, mwini malole atatu otuta mchenga, amene sankapita kulikonse ndi miyendo yake. Maliro akagwa kumudzi, ankatuma mng'ono wake Yotamu ndi thumba la ufa. Kusukulu kukakhala msonkhano wa makolo, ankapita Yotamu. Mlandu wa malire a munda, Yotamu. Ngakhale pamene mwana wake mmodzi yekhayo, Mwatitha, anagonekedwa m'chipatala ndi malungo ali wamng'ono, amene ankapita ndi phala m'mawa uliwonse anali Yotamu yemweyo. Bwana ankangoimba foni n'kufunsa kuti zikuyenda bwanji. Anthu otere alipo, ndipo amanditopetsa.

Mwatitha anakula, napeza mwamuna. Tsiku la ukwati atalikhazikitsa, anapita kwa bambo ake nawagwadira.

"Adadi, chibadwire sindinakuvutitsenipo. Ndikupempha chimodzi chokha. Polowa m'tchalitchi mudzandigwire dzanja inuyo. Inuyo, osati munthu wina."

Bwana anaseka. "Nanga angakugwire ndani? Bambo wako si ndine?"

Koma thupi linali litayamba kale kumukana. Mimba inali itatsogola, khosi litamira m'mapewa. Kuchoka pagalimoto kufika pakhomo la ofesi ankaima kawiri, ali wefuwefu. Adokotala anamupatsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, namuuza mosapita m'mbali kuti mapiritsi okha sangakwanitse, achepetse mchere ndipo ayambe kuligwiritsa ntchito thupi lakelo. Tchalitchi cha ukwatiwo chinali pakaphiri, masitepe makumi anayi kuchokera pamene magalimoto amaima. Kunali kutatsala miyezi inayi.

M'tauni momwemo munkakhala a Luo, nkhalamba ya ku China, amene anabwera kudzakhala ndi mwana wawo wogulitsa malata ndi misomali. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, koma akakwera njinga pachitunda sankatsika kuti aikankhe. M'mawa uliwonse ankaima pansi pa mbawa m'mphepete mwa bwalo la mpira, mawondo atapinda pang'ono, manja ali ngati akukumbatira mtsuko. Kenako ankawakweza pang'onopang'ono, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. Poyamba anthu ankaseka, ena ankati n'zamizimu. Patapita nthawi amayi angapo ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito anayamba kuima nawo.

Bwana atamva kuti Mtchaina uja ali ndi njira yolimbitsira thupi, anapitako yekha. Anapita kamodzi kokhako, ndipo galimoto anakaiimika pansi pa mtengo penipeni.

"Madala, ndamva muli ndi mankhwala a kwanu. Ndipatseni amphamvu kwambiri. Kaya ndi mizu, kaya ndi ufa, kaya ndi singano zija mumabaya anthu, ine ndilimba mtima."

A Luo, amene Chichewa anachiphunzira pamsika, anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mapiritsi a adokotala imwani, musasiye. Ine mizu ndilibe. Izi kwathu timati chigong. Makolo athu ankati mwa munthu muli chi, mphamvu ya moyo yoyenda ndi mpweya. Ili ngati madzi a m'ngalande ya kudimba. Munthu akamangokhala, akamangokwiya, akamangothamanga ndi mtima, ngalande imatseka. Timaitsegula pang'ono pang'ono. Imani apa. Pumani mpaka mpweya ufike pansi pa mchombo. Mubwere m'mawa uliwonse, masiku zana."

Bwana anaima. Mphindi zitatu zisanathe ntchafu zinayamba kunjenjemera, foni inalira m'thumba, ndipo mayi wina wogulitsa mandasi, wa mumpingo wake womwe, anadutsa akubisa kuseka ndi chitenje. Bwana anatsitsa manja. Mumtima anati, mankhwala anji osawawa, osabaya, osameza? Munthu ngati ine, wolemba anthu ntchito, ndizikumbatira mphepo pabwalo la ana asukulu?

Madzulo ake anaitana mng'ono wake.

"Iwe Yotamu, kuyambira mawa uzipita kwa Mtchaina uja. Uzikaona zonse, uzidzandiuza. Ndikapeza mpata ndizichitira kunyumba kuno."

"Achimwene, koma zimenezi si zotumana."

"Ndakufunsa maganizo?"

Mwamva? Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kutuma mnzake kuti akamupumire mpweya! Ine ndikafika pamenepa m'nkhaniyi, magazi anga omwe amakwera.

Yotamu anapita. Nayenso sanali mwana. Anali ndi zaka makumi asanu, msana wouma chifukwa cha fosholo, ndi mtima wapachala umene ankaubisa pamaso pa mkulu wake n'kukautulutsira kwa mkazi wake. Sabata yoyamba ankaima mwamanyazi, maso ali kumsewu. A Luo ankamuwongola mapewa, n'kumuuza kuti asalume mano, asathamangitse mpweya.

"Kwathu timati chilichonse chili ndi chinzake," anatero tsiku lina. "Kutentha ndi kuzizira, kukoka mpweya ndi kuutulutsa. Inu mwaphunzira kunyamula kokha. Tsopano phunzirani kutula."

Mwezi utatha, Yotamu anaona kuti akuwerama kumanga nsapato osabuula. Mwezi wachiwiri mkazi wake anamufunsa kuti ukali uja anakausiya kuti.

Loweruka lililonse Yotamu ankakapereka lipoti kwa mkulu wake. Bwana ankamvetsera ali pampando wandalema, mbale ya nyama yootcha ili pamimba. "Ndiye sabata ino taphunzira chiyani?" Taphunzira! Yotamu ankaimirira n'kuonetsa, bwana n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Zabwino. Lolemba ndiyamba." Anagula ndi malaya oyera opanda kolala, onga ovala a Luo, ndi nsapato zansalu. Zinakhala m'kabati osatuluka n'komwe m'mapepala ake.

Kutatsala masabata atatu, a Luo anakwera njinga mpaka pageti pa bwana. Anati abwera kudzamuphunzitsira pakhonde pake pomwe, pamene wa mandasi sangamuone. Masiku otsalawo ndi ochepa, anatero, koma si achabe. Bwana anali m'nyumba, akuwaona pazenera. Anatuma Yotamu kuti akawathokoze, akawapatse nkhuku, akawauze kuti bwana ali pamsonkhano. A Luo anayang'ana nkhukuyo, nayang'ana zenera limene katani yake inkagwedezeka.

"Mukawauze akulu anu kuti ngalande imene mwatsegula ndi yanu. Yawo palibe amene waikhudza."

Nkhuku ija anaisiya m'manja mwa Yotamu, nakwera njinga yawo.

Tsiku la ukwati linafika. Magalimoto anaima m'munsi mwa kaphiri. Mwatitha anatsika, nagwira mkono wa bambo ake, nayamba kukwera. Pa sitepe ya khumi bwana anaima, akunamizira kukonza tayi. Pa ya makumi awiri thukuta linali litaboola suti, milomo itatuwa. Atapondanso masitepe asanu anakhala pansi pasimenti, pakamwa pali yasaa. M'tchalitchi kwaya inali itabwereza kachitatu nyimbo yolowera. Abusa anasuzumira pakhomo.

Bwana anadzutsa mutu kuti anene mawu ake a masiku onse aja, "pita iwe", koma analibe mpweya wowanenera. Ndipo panalibe chifukwa chowanenera. Mwatitha anadikira mpaka amayi ake ndi namwino wina wa mumpingo atafika kudzawagwira bambo akewo. Sanalire, sanakalipe, sanadabwe n'komwe. Anangotembenuka nati, "Ababa aang'ono, tiyeni."

Yotamu anamugwira dzanja, nakwera naye masitepe otsalawo osapumulira. Nthungululu bwana anazimvera panja.

Sanamwalire tsiku limenelo. Anagona m'chipatala sabata imodzi, natuluka. Chimene chinamupweteka koposa sichinali chifuwa ayi, chinali kusadabwa kwa mwana wake kuja. Pa chithunzi chimene chili pakhoma m'nyumba mwake, wogwira dzanja la Mwatitha pakhomo la tchalitchi ndi Yotamu.

Tsono amayi, fanizoli sindinaphere inu. Ndakhala ndikuyeza anthu kuthamanga kwa magazi pachipatala pano Lachiwiri lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Lero patebulo panga pali mabuku a chipatala khumi ndi anayi a mayina a abambo, koma abambo amene ndikuwaona pabenchipa ndi atatu. Enanu mwatumidwa. Mukufuna ndimange lamba woyezera pamkono panu, n'kulemba m'buku la amuna anu? Ndatopa nazo zimenezi, ndatopa.

Sindikunena kuti akasake Mtchaina. Kaya aziyenda wapansi, kaya azilima, kaya aziima pansi pa mtengo n'kumakweza manja, zimenezo asankhe okha. Mapiritsi ndikupatsani, sindingawamane. Koma mukafika kunyumba mukawauze kuti likubwera tsiku limene ana awo adzaleka kuwadikira, n'kugwira dzanja la amene ankabwera uja. Lachiwiri likubwerali abwere okha, ndi mkono wawo.