Kalata Imene Inalowa M'doketi

Tsekani kaye mafomuwo. Inunso kumbuyoko, cholembera pansi, fomu sithawa. Musanasankhe nthambi imene mutsate chaka chamawa, mumve kaye izi.

Panali munthu wina, wophunzira ngati inu nomwe, wa chaka chachitatu m'maphunziro athu omwewa a zamilandu ndi chilungamo. Anali wanzeru, ndipo mayeso olemba ankakhoza mochititsa nsanje. Koma anali ndi chibwibwi. Ndikunena chibwibwi chenicheni, chija munthu amachita kutsinzina ndi kuponda pansi kuti liwu lituluke. Anzake anamutcha Jenereta, ati poti ankayamba wagunda du-du-du asanalire. Musaseke. Inunso mumapatsana mayina, ndimamva.

Iyeyu anabwera kuyunivesite ndi cholinga chimodzi basi, chodzakhala woimira boma pa milandu. Ali mwana analowapo m'khoti, naona bambo wina ataimirira, akupanikiza wakuba ndi mafunso mpaka wakubayo thukuta kamukamu. Kuyambira tsiku limenelo, kwa iye ntchito ya chilungamo inali imeneyo. Zina zonse ankaziyesa zotsalira.

Tsono linafika tsiku la khoti loyeserera, lija mumaliopa nonsenu. Anakonzekera milungu itatu. Ataimirira, liwu loyamba linakana. Anayesanso, linakana ndithu. Holo yonse inangoti zii, kenaka wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. Munthu uja anangokhala pansi.

Sabata yomweyo analemba kalata yosiya sukulu. Anaisaina, naipinda, naiika m'thumba la malaya. Zaka zitatu zinali kupita pachabe. Chinamuchedwetsa kuipereka n'chakuti dzina lake linali litatumizidwa kale kupolisi ya kuboma lina kuti akachite atachimenti, kuphunzira ntchito kwa mwezi umodzi, ndipo sanafune kuchititsa manyazi mphunzitsi amene anamupezera malowo. Mumtima anati, ndikangomaliza mwezi umenewu, ndikapereka.

Kupolisiko anamuika m'manja mwa Sajeni Nachisale, mayi wosachuluka mawu, amene ankayang'anira ofesi yothandiza anthu ozunzidwa. Kalata ija sinkachoka m'thumba. Akachapa malaya, ankaisamutsira m'malaya ena.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye. Nyumba yake inali itapsa masanasana anthu ali kumunda, chimanga ndi zovala zonse n'kuthera momwemo. Mudzi wonse unkadziwa kuti motowo sunayake wokha, koma popanda mboni mlandu sukanayenda. Apolisi awiri anayesa kumufunsa. Anali anyamata a liwiro, mafunso awo ngati matalala.

"Munali kuti? Munaona ndani? Simunaone munthu, eti? Kunali utsi wambiri, eti?"

Mayiyo akati atsegule pakamwa, funso lina lafika kale. Ankangogwedeza mutu, maso ali pansi. Potsiriza apolisiwo anati mayi awa sakudziwa kanthu, nanyamuka kukadya.

Sajeni Nachisale anali ataitanidwa kwina. Potuluka anauza wophunzira uja kuti, "Achimwene, afunseni dzina ndi mudzi mulembe m'bukumo, tiwalole azipita. Ndikubwera."

Anatsala awiri. Wophunzira uja anati afunse dzina, liwu lija linakananso. Dz-dz-dz, osatuluka. Manyazi anamugwira, nayembekezera kusekedwa. Koma mayiyo sanaseke, ndipo sanamumalizire mawu. Anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo, namuyang'ana, nadikira mpaka funso lonse linatuluka. Kenaka anatchula dzina lake ndi mudzi.

Ntchito imene anatumidwa inathera pomwepo. Akanatha kutseka buku n'kuwauza mayiwo kuti ayende bwino. Koma anaona milomo ya mayiyo ikunjenjemera, zala zikupota nsonga ya chitenje. Nkhope imeneyo ankaidziwa bwino, chifukwa ndi nkhope ya munthu amene mawu amuimira pakhosi. Ankadziwanso chimene chimawawa koposa, ndicho wina kukulowerera usanamalize.

Anaika cholembera pansi, nakhala chete.

Mphindi zisanu zinadutsa. Zisanutu, ana inu! Mudzayese tsiku lina kukhala chete mphindi zisanu pamaso pa munthu, muone ngati pakamwa sipadzakuyabwani.

"Ndi alamu anga," mayiyo anatero chapansipansi. "Mng'ono wawo wa malemu amuna anga. Ndinabwerera kunyumba kukatenga khasu lina, ndiye ndinawaona ndi maso angawa atanyamula udzu woyaka. Akufuna ndichoke pamalo paja."

Atangoyamba, mawu anabwera osalekeza. Wophunzira uja anayang'ana patebulo, mafomu a sitetimenti, olembapo mawu a mboni, palibe, anali atatha m'mawa. Anadziwa kuti akatuluka kukafuna pepala, akapeza mayiyo atabwerera m'chete wake uja. Buku lija linali lolembamo mayina okha, ndiye pepala lokhalo limene anali nalo linali la m'thumba. Analitulutsa, nalitembenuza, nayamba kulemba kumbuyo kwake. Dzanja lake lokha linalibe chibwibwi. Analemba mawu a mayiyo monga momwe ankatulukira, osawonjezera, osakometsa.

Sajeni atabwera anapeza pepala litadzaza. Anawerenga mokweza kuti mayiyo amve. Mayiyo anavomera kuti ndi momwemo, nadinda chala pansi pake. Kenaka Sajeni anatembenuza pepalalo, naona za mbali inayo. Anawerenga mpaka pa siginecha.

"Kalatayi ndi yanu?"

Wophunzira uja anavomera ndi mutu.

"Pepani, achimwene, simuionanso. Ili ndi chala cha mboni, ikulowa m'doketi. Mukopere pafomu mafomu akabwera, koma iyiyi ndi ya boma tsopano." Anaiboola, naimanga ndi chingwe pamodzi ndi mapepala ena a mlanduwo. "Anakunamizani ndani kuti ntchito ino ndi ya olankhula okha? Uja amaima m'khoti amalankhula za papepala ngati ili. Pepala likakhala lopanda kanthu, nayenso alibe kanthu, ngakhale atakhala ndi pakamwa potani."

Munthu uja anatuluka panja, nakhala pakhonde, napuma mpweya wautali. Anagwira pathumba, mulibe kanthu, ndipo anadzimva kupepuka ngati watula thumba la chimanga. Anaseka yekha mpaka misozi. Mtima wake unakhala pansi koyamba chichokereni m'holo muja.

Mlandu uja unayenda, ndipo mayi wamasiye uja anamanganso nyumba pamalo pake pomwe paja. Wophunzira uja anabwerera kusukulu, nasankha maphunziro a kafunsidwe ka mboni ndi kasamalidwe ka ozunzidwa. Chibwibwi sichinathe ayi, musayembekeze zozizwitsa. Koma kalata ina sanalembenso.

Tsono inu, tsegulani mafomu aja. Ndawaona kale mayankho anu a mlungu watha: pa anthu makumi anayi, makumi atatu ndi awiri mukufuna khoti. Koma abale! Nanga adzakulembereni ndani zoti mukanene kumeneko? Adzakhale ndani ndi wandende amene akutuluka mawa, osadziwa kolowera? Ambiri mwasankha ntchito imene munaionera patali, itavala bwino, ndipo zinazo simunazisuzumireko n'komwe. Pitani mukazione. Funsani amene akuzigwira kuti tsiku lawo limayenda bwanji, ndipo atachimenti musaikane chifukwa choti kulibe taye.

Ndipo ndikudziwa kuti muno muli wina amene analephera chinthu chimodzi pamaso pa anzake, ndipo kalata yake analemba kale, kaya papepala kaya mumtima. Sindikufunsa dzina. Ndikungopempha kuti musanakaipereke ku ofesi, mudzere kaye kwa ine. Ndili ndi nthawi, ndipo sindidzakumalizirani mawu.